Felemu ya Chitseko cha Kukhichini

Ximena, wabwera ndi hamala m'chikwama chako cha kutchalitchi
ngati tikupita kokaba.
Mwina tikubadi.
Nyumbayi si yathu, tangolipira lendi zaka makumi awiri ndi zitatu,
koma thabwa ili, mwini nyumba akulidziwa pati?

Taona apa, pofika m'ntchafu mwanga:
Amaro, zaka ziwiri, pensulo yofiira.
Anakana kuima chilili
mpaka unamunyengerera ndi buledi wopaka mapeyala,
ine nditagwira buku pamutu pake.
Mzere unapendekeka. Tinausiya choncho.

Pamwamba pang'ono Maite, tsiku loyamba sukulu.
Anaimira zala kuti apose mchimwene wake.
Tonse tinaona, palibe anatsegula pakamwa.

Mng'alu uwu ndi wa usiku wa chivomezi.
Mbale zinatha phwaa, Valparaíso yense anazima,
agalu akuuwa kuyambira kudoko mpaka pamwamba pa mapiri,
iwe unakwera masitepe mazana awiri mumdima
phazi lina mu nsapato yako, lina mu ya mwamuna wako,
kudzangowerenga mitu yathu.
Unawerenga kawiri
kenako unafunsa ngati m'nyumba muno mulibe tiyi.

Kamtanda aka si msinkhu wa munthu.
Ndi nsomba imene Baltasar anati wawedza ku Portales
Lamulungu lija tinatsikira kugombe tonse asanu ndi awiri,
mphepo n'kutilanda chipewa ndi nyuzipepala,
Maite n'kulira kuti nyanja yamudyera sokosi.
Nsombayo tinaiimika ndi mchira pansi, tinaiyeza mwaulemu.
Pepala la kumsika linali likadali m'thumba mwake.

Apa palibe mzere.
Chaka chimene Baltasar anagona kuchipatala osabwerako
palibe anakumbukira zoyeza ana.
Anakula okha, osayang'aniridwa, ngati udzu wa m'ngalande.
Lachisanu lililonse unkasiya poto wa nyemba pakhomo,
kugogoda, n'kuthawa ngati kamwana kosamva,
poopa kuti ndingakuthokoze.
Chikhatho changa chimakwana bwinobwino pampata umenewu.
Ndakhala ndikuchiika pamenepo podutsa, iwe osadziwa.

Kapena umadziwa.

Tinakanganapo, usaiwale,
miyezi isanu ndi umodzi osapatsana moni chifukwa cha ndalama za makatani,
tikukumana m'chikepe chokwera phiri
aliyense maso ali pa zenera lake,
kuyang'ana sitima zomwezomwezo.
Thabwa silinalembe zimenezo. Lili ndi ulemu kuposa ife.

Pamwamba penipeni, pomwe dzanja langa silifika,
Amaro anadzilemba yekha ndi bolopeni
m'mawa wokwera basi ya kumigodi ya kumpoto.
Sanaike tsiku. Anangolemba kuti: ndibwera.
Amabwera, pa chaka kawiri, ndi ndevu za bambo ake.

Tsopano mawondo akana masitepe.
Maite wandikonzera chipinda ku Quilpué, kopanda zitunda,
ndipo mu Ogasiti kubadwa munthu
amene adzafune poyezera.

Ndiye kanula, mnzanga, koma pang'onopang'ono,
misomali iyi ndi yakale kuposa ukwati wako.

Ayi, dikira.
Ukuti chiyani? Ndiime ine?
Chabwino, ndavula nsapato, msana ndagunditsa.
Buku ndi lomwe lija, chikuto chinathothoka.
Usandikanikize mutu!
Ndafupika ndi zala ziwiri, ndikudziwa,
ndili pansi pa Maite wa zaka khumi ndi zitatu.
Bwera nawenso. Usaimire zala, ndikukuona.

Mizere iwiri yatsopano, yoyandikana,
umodzi wopendekeka chifukwa tinali kuseka.

Madzulo tikutsika nalo phiri,
iwe kutsogolo, ine kumbuyo, thabwa pamapewa
ngati tanyamula wodwala wokondedwa.
Mnyamata wa pachikepe akuliyang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba,
akuwerenga mayina, milomo ikuyenda,
kenako akuti: amayi, awa ndi anthu angati?
Iwe ukutsegula kale kachikwama,
ukufunsa kuti ana amalipira zingati.